Kilo ya bambo anga ndi makatoni amene ndinkanyamula

Mwana wa achemwali anga anamaliza dipuloma yake chaka chatha, nde Loweruka lapitali anabwera kunyumba ku Matawale ndi envulopu ya khaki, akuti ankolo mundionereko kalatayi ndikufuna kufunsira ntchito ya selesi ku kampani ya fodya, inuyo munagwirako mukudziwa zimene amafuna. Kalatayo ndinamuonera, ndinakonza apa ndi apo. Koma atandifunsa kuti nanga ntchito yakeyo ndiyabwino ankolo, ine ndinangoti tiye tidye kaye nsima ikuzizira. Sabata yonseyi funso limeneli lakhala likundizungulira mmutu, nde ndati bola ndilembe pano, iyeyo awerenge, ndi ena amene mukuiganizira ntchito imeneyi.

Ndinalowa mu 2019 ndinatuluka mu 2024. Kampaniyo sinditchula dzina, mungodziwa kuti ndi yayikulu ndipo mabwana athu amakhala ku Blantyre, ife a ku fildi timangowaona pa miting'i ya kutha kwa mwezi. Tsiku loyamba anandipatsa njinga yamoto yokhala ndi chibokosi kumbuyo, foni ya kampani yomwe imaonetsa pamene uli nthawi ina iliyonse, buku la malisiti, ndi pepala la tageti. Dera langa linali Zomba yonse kupatula maholoselo akuluakulu angapo amtauni amene amaperekedwa katundu ndi galimoto. Nde Lolemba ndimazungulira mtauni, kuyambira kumsika waukulu, kudepoti, Mpondabwino, Sadzi, Chikanda, tsiku lina ndimatsata msewu wa ku Liwonde kudutsa Chinamwali, Songani, Domasi mpaka Malosa, lina ku Thondwe, lina ku Jali ndi Mayaka, kenako Kachulu kunyanja ya Chilwa. Ku Chingale kuseri kwa phiri ndimapita kamodzi pa masabata awiri chifukwa msewu wake nthawi yamvula umafuna munthu wopemphera.

Anthu ambiri amaganiza kuti wa selesi ntchito yake nkukopa anthu kuti azisuta. Ayi, wosutayo ine sindimachita naye malonda. Makasitomala anga anali eni maokala, magolosale, mabala, ndi anyamata aja amayala katundu pa tebulo pafupi ndi siteji ya minibasi. Ukafika pa okala umapereka moni bwinobwino, kufunsa za ana, kenako umawerenga sitoko yatsala, kuona ngati mapaketi akale ali kutsogolo kuti ayambe kutha (nthawi ya mvula ndudu ikakhalitsa imagwira chinyezi nkuchita mawanga, kasitomala amaibweza), kulemba mufoni mitengo ya makampani ena, nkumunyengerera mwini okala kuti aode mapaketi asanu mmalo mwa atatu. Pa tsiku maokala makumi atatu kapena kupitirira, ndipo pa aliyense foni ija iyenera kuonetsa kuti unaimadi pamenepo.

Chimene ndinachiphunzira msanga nchakuti ku ofesi amalankhula za makatoni koma kuno ku Zomba malonda onse akhazikika pa ndudu imodzi. Katoni ndi mapaketi 10, paketi ndi ndudu 20, nde katoni imodzi ndi ndudu 200. Koma pa zaka zisanu zonsezo anthu amene ndinawaona akugula paketi yathunthu ndingathe kuwawerenga, mwina mabwana ena ku bala ya mtauni kapena alendo opita ku Ku Chawe. Ena onse ndi imodzi, ziwiri, ikakhala kutha kwa mwezi zitatu. Nchifukwa chake pawindo la okala iliyonse mumapeza laita kapena bokosi la machesi lomangidwa pa chingwe, munthu agule ayatsire pompo. Mwini okala phindu lake lili potsegula paketiyo, akagulitsa yosatsegula palibe chimene wapeza. Nde mtengo umene umalamula zonse si wa katoni ayi, ndi wa kandudu kamodzi kaja, ndipo uyenera kugwera pa ndalama yosavuta chenji. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo ya kuoda inakwera, eni maokala anasowa pogwira, akakweza pang'ono chenji chimavuta, akakweza kwambiri makasitomala amathawira ku chingambwe. Mwezi umenewo ndinayenda ndi makatoni kupita nawo nkubwerera nawo, ku ofesi akungofunsa kuti tageti bwanji.

Ndipo chingambwe ndiye anali mpikisano weniweni, osati makampani ena aja timalemba mufoni. Pa msika wa Jali kapena Thondwe agogo amayala fodya wawo wopota pa thumba, munthu amagula kachidutswa kotchipa nkukapichira yekha pa pepala la kope kapena khoko la chimanga, sabata yatha. Kuonjezera apo pali ndudu zozembetsa zopanda sitampu ya MRA, zina zimalowa kuchokera mbali ya Mozambique, nyanja ya Chilwa ili mmalire momwemo ndipo mabwato amayenda usiku. Mwini okala amaziika pansi pa kauntala, zathu pamwamba. Ine ndimadziwa, iyenso amadziwa kuti ndikudziwa. Ndimayenera kukanena ku ofesi koma nkamuyang'ana munthuyo, mayi wamasiye wa ana anayi, ndimangolemba kuti malonda atsika mderali basi.

Nkhani ya ngongole ndiye ndikufuna mphwanga uyimvetse bwino. Pa pepala kampani imati katundu ndi kashi, palibe ngongole. Koma tageti imene amakupatsa sungaikwanitse ndi kashi yekha, aliyense wa ku fildi amadziwa zimenezi, supavaiza nayenso amadziwa koma sanena. Nde umasiya mapaketi kwa munthu amene ukumukhulupirira kuti udzatenga ndalama sabata ya mawa, kapena akutumizira pa Airtel Money kapena Mpamba akagulitsa. Akapanda kubweza, imeneyo ndi yako, amakudula pa malipiro. Mwezi wina ndinalandira theka.

Ku Kachulu kunali bambo ena achikulire amene anali ndi kagolosale pafupi ndi doko. Malonda akumeneko amayendera nyanja, matemba akagwidwa ambiri asodzi ali ndi ndalama, usiku wonse ali pamadzi kukuzizira nde ndudu zimayenda ngati mchere, nyanja akatseka kapena madzi akaphwa zonse zimaima. Bambo amenewa ndimawasiyira katundu wambiri ndithu ndipo sanandipusitsepo. Mu Malichi 2023 namondwe Freddy atabwera, madzi anasefukira mmadera onse akumunsi kuja, ine ndinatha masabata angapo osafikako chifukwa njira inali itaduka. Tsiku limene ndinafika ndinapeza golosale ija khoma limodzi lagwa, sitoko yonse inanyowa, shuga, sopo, makatoni anga omwe. Anandigwira dzanja nkuti achimwene, mwaona nokha, ndilibe choti ndikupatseni. Ndinati bambo musadandaule bola moyo, koma mumtima ndikuwerengera kuti lendi ndilipira chani. Ndalama ija anandidula yonse. Patapita miyezi inayi ndikudutsa pa doko ndinangomva munthu akundikuwira, anali iwowo, anali atandisungira thumba la mpunga ndi ndowa ya matemba owuma, akuti ndiyambe ndi zimenezi zotsalazo azindipatsa pang'onopang'ono. Anamaliza kubweza chaka chisanathe. Anthu ngati amenewa ndi amene amandipangitsa kuti ndisanene kuti ntchito ija inali yoipa yokhayokha. Zomba ndinabadwiramo koma ndinaidziwa pa njinga imene ija, Chiyao changa chinawongoka ku Songani ndi ku Malosa, maliro ndi maukwati a makasitomala ndinapitako osawerengeka. Komishoni ikabwera bwino inali ndalama ndithu, mlongo wanga wamng'ono fizi yake ya sekondale ndinalipira ndi imeneyo, puloti ya ku Matawale ndinagula ndi imeneyo, kuchipatala timapita pa sikimu.

Tsopano ndinene chimene chinandivuta.

Ine ndine mwana wa mlimi wa fodya. Kwathu ndi mbali ya Mayaka, bambo anga alima fodya wa bale kuyambira pomwe boma linalola alimi ang'onoang'ono kulima mtundu umenewu kumayambiriro kwa zaka za mma 1990, kale unali wa maesiteti okha. Agogo anga aamuna nawo anagwira thangata mminda ya azungu. Fodya ameneyu ku Zomba si mlendo, John Buchanan ndi abale ake analima konkuno zaka za mma 1890 zisanathe, Imperial Tobacco nkudzamanga fakitale ku Limbe mu 1908, nde mukaona ndi mibadwo inayi ya banja lathu tsopano imene yadya za tsamba limeneli. Ine ndakula nalo. Kuthirira nazale mmawa ndi madzulo dzuwa la Okotobala likuswa mtengo, kuwokera mvula ikagwa, kudula mitu, kuthyola, kusoka, kupachika mchigafa, kusankha magiredi mpaka maso kuwawa, kumanga mindindi, kudinda mabelo ndi jeke yobwereka. Ndikukumbuka ndili sitandade 6 tikathyola fodya wonyowa ndi mame ndimamva chizungulire ndi nseru, amayi amati ndi njala, ndinadzamva ndili wamkulu kale kuti ndi nikotini amene amalowa pakhungu tsamba likakhala lonyowa.

Tsiku lina mu 2022 ndinapatukira kumudzi ndikuchokera ku Jali, ndinapeza bambo akhala pakhonde ndi seloshiti yawo yochokera ku okushoni ku Limbe, akuiyang'ana ngati kalata ya maliro. Anandipatsa kuti ndiwawerengere bwino. Mtengo wake pa kilo unali cha mma dola awiri, magiredi ena osafika nkomwe, kenako mzere wa zodula, thiransipoti, msonkho, za bungwe, chiguduli, ngongole ya feteleza, pansi penipeni nkumatsala kandalama koti chaka chonse cha anthu asanu ndi mmodzi. Njinga yanga inali itaima pabwalo pomwepo ndi makatoni mbokosi. Usiku umenewo ndinatenga cholembera. Ndudu imodzi fodya wake safika galamu imodzi, nde kilo imodzi ya tsamba imatulutsa ndudu zopitirira 1,000, amene ndi makatoni asanu. Makatoni asanu amenewo ndimadziwa mtengo wake pamtima, ndimagulitsa tsiku ndi tsiku, ndipo ndimadziwanso ndalama imene amatulutsa akagulitsidwa imodziimodzi pawindo. Ndinaika nambala ziwirizo pafupi, ya bambo ndi yangayo, ndinaziyang'ana nthawi yaitali.

Ndikudziwa zimene anzanga a ku ofesi angayankhe ndipo zina nzoona. Bale wathu wambiri amapita kunja kukasakanizidwa ndi mitundu ina, si kuti tsamba la bambo ndi limene linali mbokosi langa. Pa mtengo wa ndudu pali msonkho wa boma waukulu, pali pepala, fyuluta, fakitale, mafuta a njinga, malipiro anga omwe. Zonsezo ndikuvomera. Koma amene anathera miyezi isanu ndi inayi ali weramu mmunda ndi iwowo, ndipo pa mzere wonsewo ndi amene amalandira zochepa kuposa wina aliyense. Kuyambira tsiku limenelo katoni iliyonse ndikainyamula ndimaona magalamu 200 a thukuta la munthu.

Chinanso ndi ana. Timapatsidwa timapepala tomata pa okala tonena kuti osagulitsa kwa ochepera zaka 18, ndipo ine ndimamata mokhulupirika, okala iliyonse. Koma imani pa okala ya ku Chinamwali kapena ku Sadzi madzulo muone. Kamwana ka zaka zisanu ndi ziwiri kamabwera ndi ndalama mmanja, andituma adadi ndudu ziwiri, ndani angakabweze? Ndipo ambiri amakhala atumidwadi. Koma mwana amene wanyamula ndudu kuyambira ali sitandade 1, akafika fomu 2 safuna womuphunzitsa. Paketi yathunthu mwana wasukulu sangaikwanitse, imodzi amaikwanitsa ndi ndalama ya mandasi. Ku Chikanda nako, yunivesite ya Chanco ikatsegulira malonda amakwera, ikatseka amatsika, nthawi ya Covid mu 2020 masukulu atatsekedwa ndinaona ndi maso anga mmene dera limenelo linagwera pa lipoti langa, apa mpamene ndinadziwa kuti tageti yanga mbali ina imadalira ana a eni ake amene makolo awo akuganiza kuti ali ku laibulale.

Mayi ena a okala ku Chinamwali, amene ndimawatenga ngati achemwali anga, tsiku lina ndikutsitsa katundu anandiimitsa. Anati achimwene, lero musatsitse, ndipo musadzandibweretserenso. Ndinadabwa chifukwa anali mmodzi wa makasitomala anga odalirika. Anati kwa miyezi iwiri akhala akuona kuti ndudu zikuperewera mpaketi, ankaganiza kuti akulakwitsa kuwerenga, mpaka anapeza mwana wawo wa fomu 1 kuseri kwa bafa. Sanandikalipire, anandipatsa mpando ndi madzi akumwa, anangoti ndalama yake ndi yabwino koma mwana ndi mmodzi yemweyu. Ndinalemba mufoni kuti kasitomala wasiya yekha. Lachisanu lake supavaiza anandiimbira kuti ndibwerereko ndi paketi yaulere ndikawanyengerere. Ndinayankha kuti chabwino bwana, koma sindinapite.

Ndiye pali nkhani ya bambo anga imene sindinaiuzepo anthu ambiri. Iwo asuta chingambwe kuyambira ali mnyamata. Nditangoyamba ntchito, mwezi ukatha ndimawapititsira paketi imodzi pamodzi ndi shuga ndi sopo wa amayi, ndipo amasangalala kwambiri, amaisunga mthumba la malaya nkumaonetsa anzawo pa bawo kuti izi wabweretsa mwana wanga wa ku kampani. Inenso ndimamva bwino, ndisaname. Ndinachita zimenezi zaka zinayi. Chakumapeto kwa 2023 chifuwa chawo chija chimene timangoti nchaukalamba chinakula, akayenda kuchoka kunyumba kufika kudimba amaima kawiri kupuma. Tinapita nawo ku Zomba Central, anawayeza TB sanaipeze, adokotala anatiuza kuti mapapo aonongeka ndi utsi wa zaka zambiri, sangabwerere mwakale, chimene chingathandize nkusiyiratu kusuta ndi kumwa mankhwala. Anandifunsa ine kuti mumagwira ntchito yanji achimwene, ndinangoti ya malonda. Sindikunena kuti mapaketi anga ndi amene anawadwalitsa, zaka makumi anayi za chingambwe zinali zitachita kale ntchito yake. Koma ndinawonjezerapo ndi manja anga, ndikumwetulira, ndipo chimenechi chimandidzutsa usiku mpaka pano.

Chaka chomwecho cha 2023 dziko lathu linalowa nawo mu pangano la WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, lochepetsa kusuta fodya, limene maiko ambiri analowa kalekale ife tikuzengereza chifukwa fodya ndi amene amabweretsa madola ambiri mdziko muno. Ndinalifufuza pa intaneti nkuliwerenga ndekha. Muli zokweza msonkho, zoletsa kutsatsa, zoletsa kusuta pagulu, zothandiza alimi kupeza mbewu zina, komanso muli ndime yonena kuti maiko ayesetse kuletsa kugulitsa ndudu imodziimodzi chifukwa ndi zimene zimapangitsa kuti ana azikwanitsa kugula. Nditafika pa ndime imeneyo ndinaika foni pansi, chinthu chimene ine ndinachiona pawindo la okala ku Chinamwali anthu ena anali atachilemba kale. Koma ndinaganizanso za mayi wamasiye uja ndi bambo a ku Kachulu, amene ndudu imodziimodzi yomweyo ndi imene imawagulira ndiwo, ndi bambo anga amene akauzidwa kuti siyani fodya limani soya kapena nandolo amafunsa kuti msika wake wodalirika uli kuti. Mtima wanga uli mbali zonse ziwiri ndipo sindinathe kuugwirizanitsa.

Ndinalemba kalata yosiya ntchito mu Epulo 2024. Pano ndikugulitsa sopo ndi mafuta ophikira ku kampani ina, misewu yake ndi yomweyo, maokala omwewo, ndalama yake ndi yocheperako ndipo nyumba ya pa puloti ija inaima pa mawindo. Mayi aja a ku Chinamwali ndi kasitomala wanganso tsopano. Anzanga amene anatsala kuja sindiwaweruza, ali ndi ana, ndipo ntchito mdziko muno mukudziwa mmene ikusowera, munthu wa dipuloma akuyendetsa kabaza pa depoti.

Nde mphwanga, kalata yako ili bwino, ndipo ukaitanidwa ku intaviyu ndikuuza zimene amafunsa. Ndikungokupempha kuti usanakaipereke, Loweruka likubwerali tipitire limodzi ku Mayaka ukawaone agogo ako. Anasiya kusuta, papita chaka ndi miyezi, koma nazale ya chaka chino afesa kale, akuthirira ndi amayi anga ndi mnyamata waganyu chifukwa iwo ndowa sangainyamulenso. Dzulo anandiimbira kuti ndikamabwera ndisaiwale ndalama ya feteleza wa ku nazale ndi mankhwala awo aja opopera mkamwa, atsala pang'ono kutha. Minibasi ya ku Jali tikwerere pa depoti 7 koloko, ubwere ndi nsapato zoti ungalowe nazo mdimba.